Nsomba za amake ana

Masana a Okutobala, dzuwa likaima pa liwombo, ine ndimakhala pansi pa mango kuseli kwa nkhokwe, maso otseka theka, ndipo madzi a Luangwa amabwela okha. Sindiwaitana iyai. Amabwela ofiila, oyenda mwaulesi ngati ng'ombe yokhuta, bwato lina likuyandama chakutsidya popanda wolipalasa, utsi wa nsomba zowamba ukukwela pakati pa mikuyu. Ndimamva ngakhale fungo lake. Nkhuku ikandijompha chala ndiye ndimadzidzimuka n'kuona kuti ndili kuno kumapili, ndine nkhalamba, ndipo mtsinje uli kutali.

Ndinabadwila ku Nyalugwe. Sukulu ndinangoinunkhiza, zilembo zanga n'zazikulu ngati mau anga, ndipo amene akuti zapindika akalembe zake. Kwathu kuja botolo la mafuta sitinkalidziwa. Mafuta anali m'nsomba momwemo. Mlamba ukaikidwa pa makala unkalila wokha, tsii tsii, mafuta achikasu akudontha, ife ana titazungulila ngati agalu a alenje. Masiku ena kunali chiwawa, masamba a maungu aja, chotendela nshawa, masiku ena delele, koma nsomba sinkasowa sabata yathunthu. Amai anga ondibala anafika pa ukalamba akutungabe madzi okha, mtsuko pamutu, khosi lili njoo. Sindikunena kuti ndi nsomba yokha inawasunga. Ndikungonena zimene maso anga anaona.

Amake ana ndinawaona koyamba ku Nyimba, akugulitsa nthochi m'mbali mwa msewu. Anali woonda ngati bango, mkanda wofiila pakhosi, ndipo basi itaima sanathamange monga anzao. Anangoyenda, dengu pamutu, fumbi likuwapatukila. Ndinagula nthochi zimene sindinkazifuna, ndinabwelanso, ndinabwelanso, mpaka ndinakwatila kuno kuseli kwa Kacholola, n'kukhala pachikamwini monga mwa mwambo wathu. Mlongo wao, mlamu wanga, nyumba yake ndi iyo yayang'anana ndi yanga mpaka lelo. Munthu ameneyo pakamwa pake sipapuma. Tsiku loyamba lomwe anandinunkhiza malaya n'kunena kuti, "Alamu, mwabwela ndi mtsinje wonse? Amphaka a m'mudzi muno aona mwai." Anthu anaseka mpaka kugwila nthiti. Inenso ndinaseka, mokweza kuposa onse, koma mumtima ndinati dikilani, muona chimene munthu wa kumadzi angachite pamtunda.

Ndinalima thonje, ndinalima chimanga, ndinalima nshawa. Kenaka kunabwela mpendadzuwa. Ee, mpendadzuwa! Amene sanaimepo pakati pa munda wake wa mpendadzuwa m'mawa wa Malichi sadziwa kulota ali maso. Mitu yonse yachikasu yayang'ana kum'mawa ngati mpingo ukudikila abusa, njuchi zikuimba chapansipansi, mame akukunyowetsa mpaka m'chiuno. Ndinkaima mmenemo n'kufuula dzina la ng'ombe yanga popanda chifukwa, kungofuna kumva mau anga akubwelela kuchokela kuphili. Makina oyengela mafuta ndinawaona koyamba ku Petauke, pambuyo pake anafika ku Nyimba, kufupi. Umathila njele zakuda kumwamba, kumunsi kukutuluka dzuwa lamadzimadzi. Ndinkabwela ndi zigubu zomangilila pa njinga mbali zonse, belu ndikuliza kuyambila kumsewu wa tala, kuti mudzi wonse udziwe kuti mkamwini uja wafika.

Kuyambila pamenepo m'nyumba mwanga ndiwo zinkasambila. Mafuta ophikila amenewa kuno timati saladi. Ndinauza amake ana kuti, "Saladi musamayeze ndi kasupuni ngati mankhwala a m'maso. Thilani! Munda ulipo." Ndipo ankathiladi. Lepu mu saladi, kabichi mu saladi, mazila mu saladi, nyemba nazo zonyezimila ngati nsapato za mkwati. Zitumbuwa m'mawa uliwonse, mafuta omwewo kukazingilanso tsiku linalo mpaka ade. Nsomba ndinaileka. Ndinkati ndi ndiwo za anthu opanda munda. Mlendo akachoka pakhomo panga milomo yake inkawala mpaka kwao, ndipo anthu ankadziwa kumene wadya popanda kufunsa.

Zaka zinapita choncho, ana anakula n'kubalalika, wina ku Lusaka, wina ku Chipata. Tinatsala awili. Ndiye amake ana anayamba kulemela. Munthu amene ankatsika kudimba ndi makeni awili a madzi akuimba, anayamba kukhala pa khonde atagwila chipumi. Mutu, mutu, mutu. Mapazi kutupa mpaka patapata kukana kulowa. Akaimilila msanga ankati nyumba ikuzungulila. Tsiku lina ndinawapeza atatsamila khoma la khichini, maso ali pa chinthu chimene ine sindinkachiona, ndipo nditawaitana anachedwa kuyankha. Ine njovu m'munda ndinakumanapo nayo, ng'ona ndinaionapo pafupi, koma mantha a tsiku limenelo anali a mtundu wina. Mkamwini akazi ake akamwalila, mudzi umamuyang'ana ngati mlendo amene wachedwa kutsazika. Koma si zimenezo zinandiopsa. Ndinangoona khonde lija lili lopanda munthu.

Ndinawakweza pa ngolo kupita ku kiliniki. Anesi ake anali mai wamfupi wa magalasi, wa msinkhu wa mwana wathu woyamba. Anawamanga lamba woyezela magazi pamkono, n'kupopa, n'kuyang'ana, n'kupopanso.

"Amai, magazi anu akuthamanga kwambili. Ndi bipi iyi. Mapilitsi ndikupatsani, muzimwa osadumphitsa. Lomba ndiuzeni, kunyumba mumadya chani?"

Amake ana asanatsegule pakamwa ine ndinayankha, pakuti funso limenelo linali langa. "Amai nesi, kwathu timadya bwino! Saladi wa m'munda mwanga, osati wa m'sitolo wosadziwika kwao. Ndiwo zimasambila!"

"Bambo, tsitsani mau pang'ono. Ana a katemela uko aleka kulila kuti akumveni." Anaseka, nanenso ndinaseka. "Nanga nsomba?"

"Nsomba ndinaisiya ku Nyalugwe pamodzi ndi umphawi."

"Mukaitenge," anatelo.

Ndiye anandiuza kuti mafuta si fuko limodzi. Pali mitundu iwili imene thupi silingathe kudzipangila lokha, imayenela kulowela pakamwa. Wina ndi umene wadzaza mu mpendadzuwa, m'chimanga ndi m'nshawa. Winawo umapezeka kwambili m'nsomba, ngakhale mu kapenta wamng'onoyo, ndi pang'ono mu soya ndi m'masamba. Anatchula ndi maina ake, omega wakuti ndi omega wakuti, manambala ake ndaiwala, ine Omega ndimadziwa wa kutchalitchi. Anati wa mpendadzuwa si woipa, thupi limaufuna, koma kwathu unachuluka wokha, mnzake kulibe.

Ine ndinamva msanga, pakuti mutu wanga ndi wopepuka ngakhale sunakhalitse kusukulu. "Ndiye kuti ndamanga ng'ombe yaikulu pa joko, mbali inayo ndaika mwana wa mbuzi?"

"Eya, bambo. Mzele ungaongoke?"

"Ungazungulile munda wonse n'kubwelela pomwe unayambila!"

"Ndiye chepetsani saladi, kasupuni kakwana. Mafuta akuda obwelezabweleza aja tayani. Mchele chepetsani. Nsomba amai azidya kangapo pa sabata, yophika ndi tomato, osaimiza m'mafuta. Koma mumve bwino, nsomba si pilitsi. Mapilitsi azimwa ndithu."

Pobwelela, ngolo ikugwedezeka, amake ana anagona tulo atatsamila thumba, ine ndikuyang'ana misana ya ng'ombe zanga ikukwela n'kutsika pamodzi. Kunali phee, ngakhale njiwa zinkalila ngati zili m'dziko lina. Ndinaona ngati msewu wasanduka madzi ndipo tikupalasa kubwelela kwathu.

M'mawa mwake ndinamanga chigubu cha saladi pa njinga kupita pa Kacholola, pamene amai ochokela ku mlatho wa Luangwa amatsika ndi madengu a nsomba zowamba. Fungo linandipeza ndisanawaone, ndipo miyendo inayamba kupalasa yokha ngati ya mnyamata. Tinasinthana, iwo mafuta, ine milamba. Kusankha mlamba sindinaiwale. Umaukanikiza ndi chala pafupi ndi mutu, umaununkhiza m'mimba, umaugogoda kuti uone ngati mukugwa tizilombo. Amai aja anati, "Bambo awa ndi a kumadzi," ndipo kwa nthawi yoyamba mau amenewo anandikomela. Masiku opanda mlamba ndinkabwela ndi kapenta.

Tsopano mumve mmene timadyela kuno, inu a m'tauni amene mumakhala pa tebulo limodzi ndi akazi anu ngati ana a sukulu. Mwamuna amadyela panja, pa mthunzi, ndi amuna anzake. Mkazi amabwela ndi madzi osamba m'manja, amagwada, amaika mbale zovundikila, n'kubwelela kukhichini. Iye amadya komweko, pambuyo. Ndiwo za bambo ndizo zimayamba kupakulidwa, ndipo nthuli yabwino ndi yao. Amai anga ankatelo, apongozi anga ankatelo, alangizi anawauza amake ana zomwezo asanalowe m'nyumba mwanga. Zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanaonepo mmene akazi anga amatafunila. Si nkhanza, ndi ulemu.

Ndiye milamba inayamba kufika pansi pa mango. Yophika ndi tomato ndi anyezi, yofewa, fungo lake lofika mpaka kwa mlamu wanga. Ndipo taonani, munthu uja wa amphaka anayamba kupezeka nthawi ya chakudya, ati kudzabweleka nkhwangwa. Lelo nkhwangwa, mailo chingwe, tsiku lina kudzafunsa ngati mvula ili pafupi, mu Juni.

"Alamu," ndinkamuuza, "nkhwangwa ili apo, tengani muzipita."

"Ndingapite bwanji mlongo wanga atagwada kale ndi madzi? Mufuna ndimunyoze?" Akutelo dzanja lili kale m'mbale. "Komatu mtsinje wanu uja ndaukhululukila."

Tinkadya, tinkanyambita zala, minga tikuponyela galu. Ndikafuula kuti, "Amake ana, nanunso mukudya nsomba uko?" yankho linkachokela kukhichini: "Eya bambo, musavutike." Ine mtima m'malo. Ndinkalengeza pa chigayo, kutchalitchi, ngakhale pa malilo, kuti akazi anga ndikuwachilitsa ndi nzelu za joko.

Koma mapazi sanaphwe. Mutu sunaleke. Titabwelela ku kiliniki anesi anapopa lamba uja n'kukwinya nkhope. "Yatsika pang'ono chabe. Mapilitsi mukumwa, amai?"

"Ndikumwa."

"Nanga mchele? Saladi? Nsomba?"

Amake ana anayang'ana pansi. Ine ndinayankha kuti nsomba zikulowa m'nyumba mwanga ngati ndili ndi mtsinje kuseli. Anesi anandiyang'ana masaya, anayang'ana amake ana, n'kungotiuza tsiku lobwelanso.

Mu Julai munazizila kwambili chaka chimenecho. Ndinagwidwa chimfine, ndipo m'mawa wina ndinadzuka mau atathawa. Ine! Munthu amene ndikaitana ng'ombe zanga kudambo, za eni ake nazo zimabwela. Ndinkatsegula pakamwa kungotuluka mphepo. Mlamu wanga anati mbalame zabwelela m'mitengo.

Muyenela kudziwa kuti ine sindinafikepo pamalo anthu asanandimve kaye. Ndikamachoka pansi pa mango kupita kunyumba ndimakhala ndikulankhula kale, ndi nkhuku, ndi galu, ndi mitambo. Masana amenewo mlamu anali atapita ku Nyimba mosatsazika, ndinali ndekha ndi mbale zanga. Ndinafuna madzi ofunda a pakhosi. Kuitana sindikanatha. Ndinanyamuka n'kuyenda mpaka pa khomo la khichini, chete ngati mthunzi.

Dzuwa linkalowa m'mipata ya udzu wa padenga, mizele yoyela ikudula utsi, ndipo pakati pake panali amake ana atakhala pa mphasa, miyendo yotupa ija atatambasula. Sanandione. Patsogolo pao panali mphika umene munaphikidwa mlamba, wopanda kanthu, mwangotsala tomato womata m'mbali. Anatenga botolo la saladi, n'kuthila m'mphikamo, n'kuwaza mchele, n'kutakasa ndi chala. Ndiye anayamba kusunsa mbamu yao ya nsima mmenemo, pang'onopang'ono, maso ali kutali, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Nsomba yonse, mutu, pakati ndi mchila, inali pansi pa mango, m'mbale yanga.

Musandifunse kuti bwanji sindinadziwe. Mwamuna wanji amasuzumila m'mphika? Ndinaima pamenepo ndikufuna kubangula kuti denga lisasuke, koma pakhosi panangoti fwee. Amake ana anatembenuka, mbamu ili m'manja.

"Bambo! Mwalowa bwanji ngati mfiti? Chasowa n'chani, ndibweletse?"

Ndinaloza mphika. Ndinaloza pakamwa pao.

"Aa, zimenezi? Fungo lake ndi lomwelo, bambo. Nanga ndikanatani? Mlamba umodzi, amuna awili panja masiku onse. Ndidule pakati ndidye ine, alongo anga aone mbale ya amuna anga ili ndi mchila wokha? Anthu adzati chani? Adzati mwana wa uje anakalamba osalangidwa."

Ndikanakhala ndi mau tsiku limenelo, tikanakangana mpaka madzulo, ine ndikanapambana monga mwa masiku onse, ndipo m'mawa mwake nsomba ikanapitanso pansi pa mango. Koma mau kunalibe. Ndinabwelela panja, ndinanyamula mbale zanga ndi manja anga, ndinalowa nazo m'khichini. Mphika wa saladi uja ndinaukankhila kumbali ndi phazi. Kufika pa mphasa kunanditengela nthawi, maondo akulila ngati chitseko, koma ndinafika. Ndinaika mbale pakati pathu.

"Iyai, bambo, iyai! Tulukani, anthu angaone. Mwamuna kudyela m'khichini? Mufuna anene kuti ndinakudyetsani kondaine pa ukalamba uno?"

Ndinanyema nthuli ya pakati, yonona ija ya pafupi ndi mimba, ndinachotsa minga, n'kuiika mbali yao. Anaikankhila kwa ine. Ndinaibweza. Anaikankhanso. Nthuli ija inayenda m'mbalemo uku ndi uku ngati ikusambilanso. Potsiliza ndinapinda manja n'kuyang'ana kudenga, kusonyeza kuti ngati sadya nanenso sindidya, tifele limodzi pa mphasa pomwepo. Amadziwa kuti ine njala sindiipilila. Anausa moyo, anaphimba pakamwa ndi dzanja lamanzele, n'kudya.

Amatafunila mbali imodzi, mwakachetechete, ngati munthu amene akumvetsela nkhani yochokela kutali. Ndinawayang'ana mpaka ndinaiwala kuti nanenso ndili ndi njala. Utsi unkayenda pakati pathu, nkhuni imodzi ikusweka m'moto, ndipo ndinaona kuti kuseli kwa khutu lao kuli kachipsela kamene sindinkakadziwa.

Mau anabwela patapita masiku, koma ine m'khichini sindinatulukemo. Mlamu atamva anabwela kudzaona yekha, n'kuima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Alamu, chitenje ndikugulileni cha maluwa kapena cha nkhanga?"

"Cha nsomba," ndinatelo, mau atabwelela onse. "Ndipo nkhwangwa ili apo. Lelo mutengedi."

"Mlongo wanga, wamudyetsa chani munthuyu?"

Amake ana, amene kawilikawili sayankha zachipongwe, anati, "Alongo anga, ndi iwo akundidyetsa ine. Inu mwadya zokwana."

Mudzi unalankhula monga umalankhulila. Pa chigayo ankati mkamwini wa kumadzi wagwidwa. Ine ndinkawayankha kuti m'dela lonse lino, kuyambila Kacholola mpaka Ndake, mwamuna woyamba kudya mbale imodzi ndi akazi ake ndine, ndipo akadzayamba kutengela akumbukile amene anatsegula njila. Pali mmodzi, sindimutchula, amene anandikokela kumbali n'kundifunsa kuti kodi pa mphasa umafikapo bwanji maondo akakhala ouma.

Botolo la saladi lomba limakhala pamwamba, kasupuni katamangilidwa pakhosi pake ndi ulusi. Mpendadzuwa ndikulimabe, sindinakangane nawo, wochuluka ndimasinthanitsa. Miyezi ya mvula imene kugwila nsomba kumatsekedwa timadalila kapenta amene ndimasungilatu, ndi chiwawa, ndi soya wa m'munda. Tikatha kudya sitinyamuka msanga. Timakhala chomwecho, misana pa khoma, tulo tikubwela n'kubwelela, iwo akusenda nshawa ndi zala zaulesi, ine ndikulankhula chapansi kuti ndisawadzutsile mutu. Ndinali ndisanadziwe kuti mau anga ali ndi chapansi.

Ulendo wotsatila ku kiliniki anesi anapopa n'kugwedeza mutu. "Yatsika. Sinafike pamene ndikufuna, koma yatsika." Ndinati ndi nsomba zanga. Anati ndi mapilitsi, ndi mchele wochepa, ndi mafuta ochepa, ndi nsomba zanga. Ndinawalola, pakuti anazitchula potsiliza, pamalo a ulemu.

Mapazi amatupabe kukatentha. Mutu umabwela masiku ena. Kudimba amatsika m'mawa kukali kozizila, ndi keni imodzi, akupumila pa chulu. Alendo akabwela amandithamangitsila panja ndi mbale zovundikila, ndipo pamenepo sinditsutsa, koma nthuli ya pakati ndimaisiya n'kubweza mbale, mlendo aganize zimene afuna.

Mailo masana tinadya mlamba umene ndinabwela nawo Loweluka. Ine mutu, iwo pakati. Atatha anayamwa munga, anauyang'ana, n'kunena kuti, "Bambo, uwu unali woonda. Amai aja akupusitsani. Ulendo wina mundikweze pa njinga ndikasankhe ndekha."

Kuuza ine zimenezo! Ndinakoka mpweya kuti ndiyankhe. Koma ndinaona kuti mbali yao ya mbale kwatsala minga yokhayokha, ndiye ndinati chabwino, Loweluka tipite tonse, koma pa chitunda cha panjila atsike tiyende pansi.